Titan wotsiriza ndani? Kuyerekeza njira zofufuzira nkhani ya World of Warcraft

Mu Novembala 2023, pa msonkhano wa BlizzCon wa kampani ya Blizzard, imene imapanga gemu ya pa intaneti ya World of Warcraft, Chris Metzen, mmodzi wa akuluakulu a nkhani ya gemuyi, analengeza ma expansion (zigawo zatsopano za gemu) atatu nthawi imodzi: The War Within, Midnight ndi The Last Titan, onse pansi pa dzina limodzi la Worldsoul Saga. Yoyamba inatuluka mu Ogasiti 2024. Yachiwiri ndi ya ku Quel'Thalas, kwawo kwa ma elf. Yachitatu, malinga ndi zimene ananena, idzabwezera osewera ku Northrend ndi ku Ulduar kukaona ma Titan, milungu ikuluikulu imene inakonza maiko m'nkhaniyi, akubwerera, ndiponso kukavundukula chiwembu chokhudza zolinga zawo. Dzina lachitatuli ndi limene lasowetsa anthu tulo. Titan wotsirizayo ndani? Ena akuti ndi Azeroth mwini wake, dziko limene gemuyi imachitikira, ena akuti Sargeras, Titan amene anagalukira anzake, ena Aman'Thul, mtsogoleri wa ma Titan, ndipo aliyense amalankhula ngati anali nawo m'chipinda chimene ankalembera nkhaniyi.

Tisanayese mayankho amenewa, tione kaye kumene anthu amatenga umboni wawo. Magwerowa salemera mofanana, ndipo kwa munthu amene ali pa Dedza boma, ku Bembeke kapena ku Ntcheu, aliwonse ali ndi mtengo wake wa data ndi magetsi. Dziwani kuti tiulula zambiri za nkhaniyi mpaka pa patch 11.2, kutanthauza zowonjezera za gemu zimene zinatuluka mu Ogasiti 2025.

Kusewera ndi kuwerenga zam'gemu

Iyi ndi njira yodula kuposa zonse. The War Within imafuna kompyuta ya RAM yosachepera 8 GB ndi malo okwana 128 GB pa SSD. Kusewera n'kwaulere mpaka level 20 basi. Kupitirira apo mumalipira mwezi ndi mwezi, madola 14.99 kapena mayuro 12.99, ndipo expansion yatsopano imagulidwa payokha. Zonsezi zimafuna khadi la ku banki lotha kulipira kunja. Ife kuno timalowa pa ma server a ku Ulaya, choncho gemu imayankha mochedwerako. Pa raid, pamene gulu lalikulu la osewera limamenyana ndi zilombo zamphamvu, kuchedwako kumapweteka, koma kwa munthu amene akungowerenga ma quest (ntchito zimene anthu a m'nkhani amakutumani) sikuvuta konse.

Osayesa kutsitsa gemu yonse ndi bandulo ya pafoni. Pezani mnzanu amene ali nayo kale, koperani foda yonse ya World of Warcraft pa hard drive, muiike pa laputopu yanu, kenako pa Battle.net, pulogalamu ya Blizzard yotsegulira gemu, musankhe pamene palembedwa kuti Locate the game n'kuloza fodayo. Pulogalamuyo imangotsitsa zimene zikusowa. Mukatero lowani m'ma settings, muzimitse kutsitsa kochitika pakokha ndiponso muchepetse liwiro la Pre-release content. Anthu ambiri bandulo imawathera pamenepa. Patch ikayandikira, Battle.net imayamba kukoka mafayilo mwakachetechete, inu muli phee kuwerenga zina, n'kungolandira uthenga woti data yatha.

Nanga phindu lake n'chiyani? Ndi loti zinthu zikuluzikulu Blizzard imakonda kuzibisa m'timabuku tongogwa pansi, timene osewera othamangira zida amangotidumpha. Mu dungeon ya Uldaman: Legacy of Tyr, imene inabwera ndi Dragonflight mu 2022, muli kabuku kotchedwa Edicts of the Prime Designate, Volume 742. Ndi kalata ya Odyn yopita kwa ma keeper anzake, alonda amene ma Titan anawasiya pa Azeroth. Akuwalamula kuti afafanize zolembedwa zonse zosonyeza luso la Black Empire, ufumu wa ma Old God (milungu yoipa imene inkalamulira Azeroth ma Titan asanafike), ndipo nthawi imeneyo aziifotokoza ngati ya chipwirikiti ndi mavuto okhaokha. Akuti zabwino zonse za m'chilengedwe azinena kuti anazipanga ndi ma Titan okha, osatchula ma First Ones, amene amati ndiwo anayambitsa chilengedwe.  Kabuku kameneka mumatha kukawerenga m'mphindi ziwiri, koma kanagwedeza zonse zimene osewera ankakhulupirira, chifukwa kanasonyeza kuti mbiri imene tinapatsidwa inachita kusefedwa ndi opambana.

Vuto la njirayi lagona pomwepo: olankhula m'gemu amanama. Mu expansion ya Legion, chilombo cha Il'gynoth cha mu raid ya Emerald Nightmare chinkanong'ona maulosi, monga wa mfumu ya diamondi imene yasandutsidwa chida cha ena, ndi wa makiyi asanu otsegula njira. Ambiri anagwirizana kuti mfumu ya diamondiyo ndi Magni Bronzebeard. Koma maulosi enawo anthu akhala akuwapinda kuti agwirizane ndi expansion iliyonse imene yabwera kuchokera 2016. Ulosi wa mtumiki wa Void, mphamvu ya mdima, amaulemba dala kuti ukwane paliponse. Ukhoza kukupatsani poyambira, koma sungakhale umboni womalizira nkhani.

Ngati muli kale ndi subscription, yambani ndi Lorewalking imene inabwera mu patch 11.1.7 mu 2025. Lorewalker Cho amakuyendetsani m'ma quest akale okhudza Xal'atath (mdani wamkulu wa mu The War Within), ma ethereal ndi Lich King, popanda kufufuza nokha kumene iliyonse imayambira.

Mabuku

Blizzard ili ndi mabuku a mbiri ya Warcraft otchedwa Chronicle. Chronicle yoyamba inatuluka mu 2016, yachiwiri 2017, yachitatu 2018, yachinayi 2024. Itangotuluka yoyambayo anthu ankaitenga ngati chigamulo chomaliza: ma Titan amabadwa kuchokera ku mizimu yogona m'kati mwa maiko, Azeroth ndi Titan amene sanadzuke, ndipo adzakhala wamphamvu kuposa onse. Kenako Blizzard inanena kuti mabukuwa akufotokoza zinthu mmene ma Titan amazionera. Ambiri anakwiya, ndipo mkwiyowo unali womveka, poti munthu unagula buku lokuuza kuti ndi mbiri yeniyeni. Komabe kwa wofufuza mfundoyi ndi yothandiza. Pa mlandu wa malire a munda, a mfumu samva mbali imodzi n'kugamula. Amafunsa kuti mboniyo ndi ya kuchimuna kapena ya kuchikazi, ndipo ipindulanji malire akasuntha. Chronicle ndi mboni ya ma Titan. Pa mndandanda wa zochitika, kuti nkhondo iti inayamba iti isanachitike, ndi yodalirika kwambiri. Pa zolinga za ma Titan ndi pa chimene Azeroth ali, muziimva mukudziwa amene akulankhula.

Chenjeraninso ndi mabuku akale a Warcraft RPG. Blizzard inanena mu 2011 kuti si mbali ya nkhani yovomerezeka, koma mfundo zake zimayendabe m'magulu a WhatsApp ngati zoona. Kupeza mabuku enieniwo kuno n'kovuta ndipo n'kodula, choncho kwa ambiri njira iyi imathera pa kuwerenga chidule chake pa intaneti.

Kufukula mafayilo a gemu

Patch isanatuluke, Blizzard imaiika pa PTR, server yoyesererapo, kuti anthu aiyese, ndipo akatswiri, makamaka a tsamba la Wowhead, amatsegula mafayilowo n'kuona maina, zithunzi, mamapu ndi mawu a anthu a m'nkhani. Njira imeneyi ikalasa imalasadi. BlizzCon ya 2023 isanachitike, m'mafayilo munapezeka dzina la Algarian Stormrider lolumikizidwa ndi Heroic Edition, umodzi mwa mitundu imene expansion yatsopano imagulitsidwira. Amene anali atawerenga timabuku ta mu Uldaman anakumbukira kuti kena kankatchula malo otchedwa Khaz Algar, kumene kunapita gulu la ma earthen, anthu a thupi la mwala. Anaphatikiza ziwirizi n'kunena kuti expansion yotsatira ili ku Khaz Algar, ndipo zinaterodi. Amene ankalimbikira za Avaloren, malo ena otchulidwa mu Uldaman momwemo, potengera timabuku tokha popanda dzina la m'mafayilo lija, anagwa nayo. Dzina la Dragonflight nalonso linaonekera m'makodi a tsamba la Blizzard milungu ingapo lisanalengezedwe mu Epulo 2022.

Onani kuti zonse ziwirizi ndi maina. Mafayilo amaulula malo, maina a ma boss, ndi maonekedwe. Pa funso loti munthu wachitiranji chinthu, njirayi ndi yofooka. Blizzard imatseka ndi encryption makanema ofunika ndi mathero a nkhani mpaka tsiku lotulutsa. Mawu amene amapezeka amakhala osasanjika, mwina osadziwika wowalankhula, ndipo ena amasinthidwa patch isanatuluke. Munthu amatola mizere isanu, n'kuisanja mmene iye akufunira, n'kulengeza kuti wakutiwakuti afa. Zoterezi ndi zimene zimabala mphekesera zambiri zabodza.

Kuika PTR pa kompyuta yanu sitikukulimbikitsani ngati mukudalira bandulo. Ndi mtolo winanso waukulu, ndipo ma build atsopano amabwera pafupipafupi. Werengani zimene ena afukula kale, zithunzi mutazizimitsa mu browser.

Zonena za opanga gemu

Akalankhula Metzen kapena Ion Hazzikostas, mkulu woyang'anira gemuyi, anthu amaona ngati nkhani yatha. Pa zimene akukana, nthawi zambiri amanena zoona. Pa zimene akulonjeza, kumbukirani kuti mapulani amasintha. Mu Cataclysm analengeza Path of the Titans, sinabwere. Mu Warlords of Draenor ananena kuti malikulu adzakhala Karabor ndi Bladespire, mapeto ake osewera anakakhala ku Ashran, ndipo chilumba cha Farahlon sichinaonekenso. Zimene zinanenedwa za The Last Titan mu 2023 ndi ziganizo zochepa chabe. Northrend, Ulduar, kubwerera kwa ma Titan, chiwembu. Wina akakuuzani zambiri kuposa apa n'kumati ananena ndi Blizzard, mufunseni kuti ananena liti ndipo pa msonkhano uti.

Mavidiyo ndi zoyenda m'magulu

Pa YouTube pali mitundu iwiri. Pali ofotokoza mbiri, monga Nobbel87, amene amangosanja zimene zinachitika kale, ndipo ndi abwino kwa munthu amene sanasewere ma expansion akale. Palinso olosera, amene amapeza ndalama inu mukadina, choncho mutu wa vidiyo umakula kuposa umboni wake. Onse amadya data. Ola limodzi pa 720p limatha kudya gigabaiti yathunthu, pamene nkhani zoterezi chofunika ndi mawu. Tsitsani pa 240p kapena 360p, makamaka ndi bandulo ya usiku, muzimvera muli pa minibasi yopita ku Lilongwe.

Kwa a ku Lizulu, ku Tsangano ndi kufupi ndi chipata cha Dedza, kumene msewu wa M1 umayenda m'malire, foni imatha kudumphira pa netiweki ya ku Mozambique. Zimitsani data roaming ndipo netiweki muisankhe pamanja musanayambe kutsitsa chilichonse chachikulu.

Za zithunzi za mawu zimene zimazungulira m'magulu, zoti msuweni wa wina amagwira ntchito ku Blizzard, sitichedwapo. Expansion iliyonse isanalengezedwe zimabwera zambirimbiri. Yabodza imadziwika ndi kukoma: ili ndi zonse zimene osewera akhala akupempha, mtundu watsopano, class yatsopano, ndi kubwerera kwa munthu wokondedwa amene anafa.

Warcraft Wiki

Mwa zonsezi, kwa munthu wa kuno, iyi ndiyo tingaiike patsogolo. Ili pa warcraft.wiki.gg kuchokera 2023, pamene olemba ake anasamuka ku Fandom. Ndi mawu okhaokha kwambiri, choncho imatseguka ngakhale netiweki ili yofooka. Timabuku ta m'gemu, mawu a ma quest ndi zolankhula za ma boss zinakoperedwamo mmene zilili, ndiye kuti phindu lalikulu la njira yoyamba ija mumalipeza osalipira subscription. Chofunika kwambiri n'chakuti zongoganizira amaziika m'chigawo chakechake cholembedwa Speculation, ndipo za mu RPG amazilemba chizindikiro. Kawerengedwe kake n'kotere: mukapeza mfundo, dinani kanambala kakang'ono ka kumapeto kwa chiganizo, muone ngati yachokera mu quest, m'buku kapena pa kuyankhulana ndi opanga gemu. Kenako funsani kuti wolankhulayo ndani. Chiganizo chopanda kanambala muchione ngati maganizo a wolemba. Chimene wiki singakupatseni ndi kamvekedwe ka mawu. Xal'atath akhoza kunena chinthu monyoza, pa wiki n'kuoneka ngati akulumbira.

Nkhani ziwiri zimene zinayesa njirazi

Beledar ndi mwala waukulu wowala umene uli kudenga la phanga la Hallowfall. Maola atatu aliwonse umasanduka wofiirira kwa mphindi 30, dera lonse limada, nyimbo zimasintha, ndipo zilombo za mumdima zimatuluka. Anthu atangouona, ambiri anati ndi nsonga ya lupanga la Sargeras, limene analibaya ku Silithus kumapeto kwa Legion mu 2017. Ganizoli linali lokoma, ndipo linali ndi pogwira, chifukwa a Arathi, anthu okhala ku Hallowfall, amanena kuti mwalawo unayamba kuda pa nthawi imene lupangalo linabayidwa. Koma a Arathi omwewo amanenanso kuti anaupeza ukuwala atangofika, zaka zingapo lupanga lisanabwere. Wowerenga ma quest anadziwa msanga kuti ganizoli lafa. Pambuyo pake, zojambulidwa za keeper Archaedas zimene Dagran ndi Brinthe amatsegula ndi zidutswa za Titan Disc zinatchula miyala ikuluikulu imene ndi mphamvu ya mzimu wa dziko itauma, ndipo ambiri tsopano amaika Beledar m'gulu limenelo.

Xal'atath anayamba ngati mpeni wa ma shadow priest mu 2016. Gemu yomweyo inapereka maganizo awiri: kuti ndi zotsala za Old God woiwalika amene anzake anamudya, kapena ndi chikhadabo cha Y'Shaarj. Kwa zaka zambiri osewera ankamutcha Old God wachisanu, pambali pa C'Thun, Yogg-Saron, N'Zoth ndi Y'Shaarj. Anaiwala kuti gemuyo inazitchula ngati zonena za anthu. Atatuluka mumpeni mu 2019, n'kudzagumula mzinda wa Dalaran mu 2024, patch 11.2 ya ku K'aresh, dziko la ma ethereal, mu Ogasiti 2025 inasonyeza kuti anali mtumiki wa Dimensius, mmodzi wa mafumu a Void, asanamugalukire. Apa mafayilo sakanathandiza, ndipo mabuku sakanathandiza. Chikanathandiza n'kuona kuti chiganizo chija chinayamba ndi mawu oti ena amati.

Tsopano Titan wotsirizayo

Ganizo loti ndi Azeroth ndi limene limabwera msanga, ndipo mboni yake yaikulu ndi Chronicle. Koma zojambulidwa za Archaedas zija zimamutcha Prime Worldsoul, ndipo zimafotokoza za Worldcore, chipinda chimene ma Titan anamumangira, ndi za ma thraegar, ma earthen amene anasanduka diamondi atamva mawu ake n'kuyamba kugumula zomangazo. Ngati Azeroth akanakhala mwana wawo wongoyembekeza kubadwa, bwanji amene amamva mawu ake ankaukira zimene ma Titan anamanga? K'aresh nalonso lili ndi mzimu wake. Zikuoneka kuti mzimu wa dziko sukhala Titan pokhapokha wina ataukankhira kumeneko. Ife tikuona kuti ganizoli ndi lamphamvu kuposa onse, koma litatembenuzidwa: Titan wotsiriza ndi chimene Pantheon, bungwe la ma Titan, ikufuna kuti Azeroth akhale, ndipo chiwembu chimene Metzen anatchula ndi chimenecho. Apa kabuku ka Odyn, zojambulidwa za Archaedas ndi zonena za pa BlizzCon zikuloza kumodzi, ndipo magwero atatuwa sanakoperane.

Ganizo la Sargeras limabwera pachiwiri. Kanema wotsegulira The War Within, wa Anduin ndi Thrall ku Silithus, amatha ndi mawu oti lupanga lija linalunjikidwa kwa winawake. Otsatira ganizoli amati ma Titan enawo adzaphedwa, n'kutsala iye yekha, ndipo tidzakakamizika kugwirizana naye. N'zotheka, poti Blizzard imakonda kutigwirizanitsa ndi mdani wakale, monga inachitira ndi Illidan ndiponso Xal'atath ku K'aresh. Koma umboni wake ndi chiganizo chimodzi cha m'kanema, ndipo winawakeyo akhoza kukhala Azeroth yemweyo, zimene sizisintha kalikonse.

Za Aman'Thul zimachokera makamaka mu kabuku ka The Legend of Elun'Ahir ka mu Emerald Dream. Kamati Titan wotchedwa Eonar anadzala mtengo pa Azeroth, Aman'Thul n'kuuzula chifukwa sunali wa dongosolo lake, mizu yokha n'kutsala pansi. Mu The War Within tinakumana ndi Orweyna ndi anthu ake olondera mizu, zimene zinapatsa nthanoyo mphamvu. Ndi Aman'Thul yemweyo amene anazula Y'Shaarj n'kusiya bala limene linasanduka Well of Eternity. Zonsezi zimamuyenereza kukhala mdani wamkulu wa expansion imeneyo. Sizikunena kuti ndi wotsiriza. Anthu ambiri amasokoneza mafunso awiriwa, loti boss womaliza ndani ndi loti dzinalo likunena za ndani.

Iridikron ndi dragon, si Titan, koma musamuchotse pa mndandanda. Mu Dawn of the Infinite, mu 2023, anatenga mphamvu ya Galakrond, chilombo chachikulu chamakedzana, n'kuthawa kudzera pa khomo la Void, ndipo chidani chake chonse chili pa ma Titan. Ngati pakufunika wina woti achepetse Pantheon mpaka kutsala mmodzi, iyeyu ndiye ali ndi chifukwa. Ganizo limeneli limathandiza la Sargeras kuposa la Azeroth.

Odyn ndi Tyr ndi ma keeper, zopangidwa ndi ma Titan, choncho dzinalo siliwakwana pokhapokha nkhani itasintha tanthauzo la liwulo. Titan wotchedwa Argus anafa ku Antorus, ndipo mzimu wake ndi umene unawononga Arbiter, woweruza mizimu ya akufa, mu Shadowlands. Amene akuti abwerera alibe kabuku, quest kapena fayilo yowaikira kumbuyo.

Pali kamfundo kena kamene magulu ambiri amakadumpha. Kumapeto kwa Legion, ma Titan anatsalira ku Seat of the Pantheon atamanga Sargeras, Illidan n'kukhala mlonda wake. Kuti iwo abwere ku Northrend, ndiye kuti achokako, kapena ndendeyo yatseguka, kapena apita naye. Choncho chilichonse chatsopano chotchula Illidan kapena Seat of the Pantheon, kaya ndi mu quest, m'kabuku kogwa pansi kapena m'mafayilo a PTR, n'chofunika kuchiwerenga mosamala kuposa vidiyo iliyonse ya maola awiri. Chikasonyeza kuti Sargeras wamasuka ma Titan enawo asanafike, ganizo lachiwiri lija lidzakwera pamwamba pa loyamba.